Sitima zabwerera, nanga anthu akwera liti?

Mu July 2024, anthu a ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe adaona zomwe achinyamata ambiri adali asadazionepo chibadwire: sitima yapamtunda ikulowa ndi mabogi 16 a mafuta agalimoto kuchokera kudoko la Nacala m'dziko la Mozambique. Padali patatha zaka 21 sitima ya mafuta isadafikeko kulikulu la dziko lino.

Pasadathe miyezi iwiri, chisangalalo chidasamukira ku Marka m'boma la Nsanje komwe yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adakalandira sitima ina ya mafuta yochokera ku Beira. Uku ndiye kudali kutatha zaka 41 sitima isadaolokepo malire.

Iyi ndi nkhani yabwino ndipo palibe angatsutse. Koma kwa mayi wogulitsa nthochi pa Luchenza, mlimi wa mpunga ku Nayuchi, ngakhalenso bambo wa golosale pa Golomoti, funso ndi lina. Kodi njanji yomwe akuti yadzukayi ndi iti, ndipo ikunyamula yani?

Ambirife timangodziwa kachigawo ka njanji komwe kadadutsa kwathu, choncho ndi bwino tiyambe taona mmene idayalidwira yonse.

Mtanda wa pa Nkaya

Njanji ya dziko lino ndi yotalika pafupifupi makilomita 930 ndipo ukaiona pamapu imakhala ngati mtanda. Pakati pa mtandawo pali siteshoni ya Nkaya m'boma la Balaka, malo omwe apaulendo a pamsewu wa M1 sawaona nkomwe, chonsecho kwa anthu a sitima mpomwe pagona mtima wa ntchito yonse.

Kuchoka pa Nkaya kulowera kummwera, njanji imadutsa pa Utale, nkuoloka mtsinje wa Shire, kukwera ku Lirangwe, Lunzu ndi Blantyre mpaka Limbe. Ikachoka pa Limbe imatsetsereka kudzera ku Luchenza, Khonjeni, Sandama, Thekerani, Sankhulani ndi Makhanga, kenako Chiromo, Bangula, Nsanje mpaka kumalire ku Marka. Kulowera kumpoto imadutsa pa Balaka, Bilila, Sharpevale, Golomoti, Chipoka ndi Salima, pomwe imakhotera kumadzulo kupita ku Kanengo, Mchinji ndi kukathera ku Chipata m'dziko la Zambia.

Mikono iwiri yotsalayo ndi yopingasa. Wakummawa umadutsa pa Liwonde nkukafika ku Nayuchi, mtunda wa pafupifupi makilomita 100, ndipo kutsidya kwa malire umapitirira ku Entre Lagos, Cuamba, Nampula mpaka Nacala. Wakumadzulo ndi watsopano, umadutsa m'maboma a Neno, Mwanza ndi Chikwawa nkutulukira ku Kachaso kupita kumigodi ya malasha ya Moatize ku Tete.

Chigawo chonse cha kumpoto chilibe njanji ngakhale kilomita imodzi.

Kwa okonda za sitima, pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yathu pali mamilimita 1,067. Muyezo umenewu ndi wofanana ndi wa ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe, South Africa komanso njanji ya Tazara, kutanthauza kuti bogi yopakiridwa pa Limbe itha kuyenda m'maiko onsewa popanda kusintha mateyala, bola njanjizo zikhale zolumikizana. Njanjiyi ndi yamzere umodzi, sitima zimaphana m'masiteshoni ndi malo ena opatukira, ndipo zonse zimayendera dizilo. Ofuna kuona mitu ya sitima yakale yoyendera nthunzi atha kupita kunyumba yosungirako zinthu zamakedzana ku Chichiri komwe kuli umodzi wotchedwa Shamrock. Mnzake, Thistle, adausunga pasiteshoni ya Limbe.

Idabereka matauni

Sitima yoyamba idafika mu Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje. Atsamunda sadaimange pofuna kuti agogo athu azikaona abale. Adaimanga kaamba koti madzi mu Shire adayamba kuchepa, sitima zapamadzi zimatitimira mumchenga, ndipo fodya, thonje ndi tiyi wa m'minda ya azungu zimasowa potulukira.

Mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, udatsegulidwa pamtsinje wa Zambezi ndipo kuyambira pamenepo sitima imachoka ku Beira nkufika ku Limbe osatsitsa katundu panjira. Chaka chomwecho njanji idafika ku Salima. Ngakhale sitima yapamadzi ya Ilala idadzera momwemu: adaipanga ku Scotland, nkuitumiza zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo njanji ndiyo idafikitsa zidutswazo kunyanja.

Boma la Kamuzu Banda lidaonjezera mkono wa ku Nayuchi mu 1970, kenako ndi thandizo la dziko la Canada njanji idafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980.

Tikamakamba za njanji, tikukamba za chiyambi cha matauni omwe ambirife tikukhalamo. Limbe adakula kaamba ka siteshoni, malo okonzera sitima ndi fakitale ya fodya. Luchenza, Balaka, Salima ndi Chipoka adakulira pomwe sitima imaima. Pomwe paima sitima pamabwera sitolo ya mmwenye, pamabwera msika, resitihausi ndi chigayo. Nchifukwa chake malo monga Sharpevale, Sankhulani ndi Chiromo adazizira sitima itasiya kuimapo, pomwe malo a m'mbali mwa msewu wa tala akukulirakulira.

Kugwa kwa njanjiyi kudayamba ndi nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pafupifupi katundu yense wolowa ndi kutuluka m'dziko muno amayenda pa sitima kudzera ku Beira ndi Nacala. Zigawenga za Renamo zidatseka njira zonse ziwiri, ndipo mu 1986 zidaphwasula mbali ina ya mlatho wa Dona Ana. Asilikali a dziko lino adatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala ndipo ena adatayako miyoyo. Katundu adayamba kuzungulira ku Durban ndi ku Dar es Salaam pa mathiraki, mitengo ya zinthu nkukwera. Nkhondo idatha mu 1992 koma chizolowezi cha mathiraki chidatsala mpaka lero.

Zomwe nkhondo idasiya, madzi adamaliza. Mu 1997 madzi osefukira adadula njanji pa Chiromo, ndipo kuchokera chaka chimenecho sitima yochokera ku Limbe imathera pa Makhanga. Mu January 2003 mlatho wa pamtsinje wa Rivirivi ku Balaka udakokoloka, zomwe zidalekanitsa Lilongwe ndi njanji yonse mpaka mu 2005. Mu 2015 mtsinje wa Ruo udasefukira nkusandutsa Makhanga chilumba, sitima ya kumeneko nayo idaima. Kampani yoyendetsa sitima idakonza chigawo cha Limbe mpaka Sandama, koma namondwe wa Freddy mu March 2023 adaononganso malo angapo.

Mkono wamoyo ndi wa malasha

Mu December 1999 boma lidapereka ntchito yoyendetsa sitima m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, yomwe ambiri amangoti CEAR. Njanjiyo idakhalabe ya boma, kampani idangoibwereka. Zaka khumi zoyambirira sizidasinthe zambiri.

Zinthu zidatembenuka kampani ya Vale ya ku Brazil itayamba kukumba malasha ku Moatize. Njira yachidule yochoka ku Tete kupita kudoko lakuya la Nacala imadutsa m'Malawi, choncho Vale idagula masheya m'kampani zoyendetsa njanjiyi, idamanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 kuchoka ku Kachaso kufika pa Nkaya, nkukonzanso ya Nkaya mpaka Nayuchi. Ntchito ya mbali ya Malawi yokha idadya pafupifupi 1 biliyoni ya ndalama za ku America. Njira yonseyi, yotalika makilomita 912, adaitsegulira mwamwambo mu May 2017 ndipo adaikonza kuti izitha kunyamula matani 18 miliyoni a malasha pachaka.

Amene adaimapo pa Liwonde sitima ya malasha ikuoloka Shire akudziwa chomwe tikunena. Mabogi amafika 120, mitu ingapo ikukoka, ndipo munthu umatopa nkuwerenga. Njanji yake ndi yolimba, yogona pa konkiriti, yosiyana kutalitali ndi ya ku Thekerani.

Apa mpomwe pali nkhani. Njanji yabwino kwambiri m'dziko muno idamangidwa kuti inyamule katundu wa eni ake kuchoka ku Mozambique kupita ku Mozambique, ife ndi njira chabe. Imadutsa mopingasa, pomwe anthu, misika ndi mafakitale a dziko lino zidandandalika kuchoka kummwera kupita kumpoto, motsatira njanji yakale ija yomwe ndi yoduka m'malo ena ndi yofooka m'malo ena.

Sitikunena kuti sitidapindulepo. Boma limalandira ndalama kuchokera kukampani zoyendetsa njanji, Amalawi ambiri adapeza ntchito, ndipo feteleza, tirigu ndi mafuta ochokera ku Nacala akuyenda panjanji yomwe tokha sitikadakwanitsa kuikonza. Ngakhale sitima idafika ku Kanengo ija idatheka chifukwa CEAR idakonza chigawo chochoka pa Nkaya kupita kumpoto. Koma wokwera pa njinga ya mwini sasankha kolowera. Mu December 2021 Vale idalengeza kuti yagulitsa mgodi wa Moatize pamodzi ndi njanjiyi kukampani ya Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India, pamtengo wa 270 miliyoni ya ndalama za ku America, ponena kuti ikusiya bizinesi ya malasha. Zokambirana zake sizidachitikire ku Capital Hill. Tsiku lomwe malasha adzasiye kugulidwa kunja, kapena mgodi udzatha, tidzayenera kupeza katundu wathuwathu wokwanira kulipirira chisamaliro cha njanjiyi, ndipo pakadalipano katundu wotere tilibe.

Masamu a mafuta

Tibwerere kumafuta. Mabogi 16 omwe adafika ku Kanengo adanyamula malita 640,000 a dizilo, kutanthauza malita 40,000 bogi iliyonse. Sitima ya ku Marka idabweretsa malita 1.2 miliyoni. Dziko lino limamwa pafupifupi malita 1 miliyoni a dizilo ndi enanso 1 miliyoni a petulo tsiku lililonse. Mwachidule, sitima yomwe tidaivinira ku Lilongwe sidanyamule ngakhale dizilo wa tsiku limodzi.

Izi sizikuchepetsa kufunika kwake. Mabogi 16 ndi pafupifupi mathankala 20 omwe sadaponde msewu, ndipo aliyense woyenda pa M1 akudziwa zomwe mathiraki olemera amachita ku tala. Komanso mtunda umalankhula wokha. Kuchoka ku Beira kufika ku Limbe pa njanji sipakwana makilomita 600, kuchoka ku Nacala ndi pafupifupi 800, pomwe thankala yochokera ku Dar es Salaam imayenda makilomita oposa 1,500 kuti ifike ku Lilongwe. Ndalama yonyamulira katundu imakathera pa mtengo wa thumba la feteleza, la simenti, paketi ya mchere ndi lita ya mafuta a chigayo. Banja la pa Ntaja kapena pa Mitundu lomwe silidakwerepo sitima limalipira nawo mtengo wa njanji yakufa tsiku lililonse likapita kugolosale.

Koma phindu limabwera sitima ikamayenda sabata ndi sabata, osati tsiku la mwambo lokha. Ndiponso tisanamizane: mizere ya galimoto yomwe takhala tikuiona pamalo omwetsera mafuta kuyambira mu 2022 idadza kaamba ka kusowa kwa ndalama zakunja zogulira mafutawo. Sitima imatsitsa mtengo wonyamulira, koma sigula mafuta. Nazonso zipolowe zomwe zidabuka ku Mozambique chisankho cha mu October 2024 chitatha zidatikumbutsa kuti Beira ndi Nacala onse ali m'dziko limodzi, ndipo kukavuta kumeneko njira zonse ziwiri zimavutira pamodzi monga zidachitikira nthawi ya Renamo.

Pali nkhani inanso yomwe andale sakonda kuitchula. Mafuta ndi feteleza zikasamukira pa njanji, eni mathiraki ataya ntchito, ndipo ena mwa iwo ndi anthu amphamvu. Boma lililonse lomwe likufunadi sitima liyenera kukhala lokonzeka kukwiyitsa anthu amenewa, kwinaku likuganizira madalaivala ndi makaniko omwe amadyera momwemo.

Nanga wapaulendo?

Munthu wofuna kukwera sitima m'Malawi alibe zosankha zambiri. Sitima yonyamula anthu idasiya kalekale kufika ku Salima, Lilongwe ndi Mchinji. Yomwe yakhala ikuyenda m'zaka zapitazi ndi ya pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, nthawi zambiri kamodzi pa sabata. Masiku ndi nthawi zimasinthasintha, maka nyengo ya mvula, choncho wanzeru amayamba wakafunsa pasiteshoni asadamange katundu. Ndi bwino kulawirira komanso kutenga kamba ndi madzi, chifukwa ulendo womwe minibasi imautha m'maola awiri kapena atatu, sitima imatha kuuyenda tsiku lonse. Imaima paliponse, ndipo panjanji yamzere umodzi wina amayenera kupatuka kuti mnzake adutse. Wopatukayo sakhala wa malasha.

Palibe sitima ya anthu yooloka malire. Wopita ku Mozambique amatsika pa Nayuchi, nkudinditsa ziphaso zake, nkuyenda pansi kulowa ku Entre Lagos. Akafika ku Cuamba atha kukwera sitima ya kumeneko yopita ku Nampula.

Anthu a m'tauni amaiseka sitimayi kuti ndi yochedwa, koma iwo sindiwo eni ake. Eni ake ndi anthu a ku Namanja, Lambulira, Utale ndi Nayuchi, komwe misewu imavuta mvula ikagwa. Kwa iwo sitima ndi msika woyenda. Mpunga ndi nsomba za ku Chilwa ndi Chiuta zimatuluka momwemo, sopo, mchere, malata ndi zovala za kaunjika zimalowa momwemo, ndipo pasiteshoni iliyonse amayi amagulitsira pawindo chinangwa, mzimbe ndi zitumbuwa. Matumba khumi a mpunga omwe kondakitala wa minibasi angakulipiritse mtengo wa mipando ingapo, pa sitima amayenda motchipa.

Mmenemu ndi mmene zidalili kunjira ya ku Makhanga isadaime. Nthochi za ku Thekerani ndi Sandama, mzimbe, nandolo ndi nsomba za kudambo la Elephant Marsh zimafika pamsika wa Limbe pa sitima. Madera amenewa ndi a mapiri ndi zigwa, ndipo midzi yambiri idamangidwa moyang'ana njanji osati msewu. Sitima itaima, wodwala wopita kuchipatala, mwana wasukulu ndi wabizinesi onse adatsala m'manja mwa kabaza.

Kampani iliyonse ikuuzani kuti sitima ya anthu sibweretsa phindu, ndipo nzoona pafupifupi dziko lililonse. Nchifukwa chake nkhaniyi ndi ya boma. Boma ndilo mwini njanji, ndilo limasainira mgwirizano ndi kampani, ndipo ndilo lingalembemo kuti sitima ya anthu iziyenda kangati pa sabata, kufika pati, komanso ndani azilipira zotsalazo. Aphungu a madera omwe njanji idadutsa akadamafunsa za mgwirizano umenewu m'Nyumba ya Malamulo mmene amafunsira za milatho ndi mijigo.

Nafenso okhala m'mbali mwa njanji tili ndi mlandu wathu. Kuba zitsulo zomangira njanji nkukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, kukumba mchenga pansi pa milatho, kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa njanji ndi kuyala malonda pamwamba pake monga zimachitikira m'misika ina ya mu Blantyre, zonsezi zimachedwetsa sitima ndi kuika miyoyo pachiswe. Makolo a ku Neno, Balaka ndi Machinga awauze ana kuti sitima yodzaza malasha siima ngati minibasi. Woyendetsa angakuone bwanji, imatha kuyenda mtunda wa pafupifupi kilomita isadaime.

Mpata wa pa Chiromo

Ntchito yokonza njanji ya makilomita 72 kuchoka ku Marka kufika pa Bangula idaperekedwa mu 2022 kukampani ya China Railway 20 Bureau Group pamtengo wa K68 biliyoni. Izi zidachitika bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB litaimitsa mu 2021 ndondomeko yoyamba yosankhira kontirakitala. Ntchitoyi idadutsa nthawi yomwe adagwirizana, ndipo pomwe sitima ya mafuta imalandiridwa pa Marka mu 2024 nkuti isadathe. Anzathu a ku Mozambique adali atamaliza kale mbali yawo ya makilomita 44 kuchoka ku Mutarara kufika kumalire.

Koma ngakhale njanjiyi itafika pa Bangula lero, sitima singapitirire. Kuchoka ku Marka kufika ku Limbe ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo pakati pake pali mpata wa pa Chiromo womwe udatseguka mu 1997, pali dera la Makhanga komwe Ruo adasintha njira, komanso mapiri a ku Thyolo komwe mvula yamphamvu imagumula nthaka. Chigawo chimenechi ndicho chovuta ndi chodula kuposa zonse, ndipo kuchimanga mmene chidalili kale nkutaya ndalama m'madzi, poti anamondwe a Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adaonetsa kuti milatho ndi mitumbira ya nthawi ya atsamunda singapirire madzi a masiku ano.

Tidaonapo kale ntchito zothera panjira. Njanji ya Mchinji mpaka Chipata adaitsegulira ndi chimwemwe mu 2010 patatha zaka pafupifupi 30 chiyambireni kuikamba, koma idakathera pa Chipata osalumikizana ndi njanji ina ya ku Zambia, ndipo sitima zodutsapo zakhala zowerengeka. Chaka chomwechonso Bingu wa Mutharika adatsegulira doko la Nsanje lomwe mpaka lero silidalandirepo sitima ya katundu.

Boma la Peter Mutharika, lomwe lidalowa mu October 2025, lidapeza ntchito ya ku Marka ili pakati. Poyeza ngati nkhani ya njanji ikupitadi patsogolo, anthu asamawerenge miyambo yolandira sitima. Ayang'ane mundondomeko ya zachuma ngati muli ndalama ya mlatho wa pa Chiromo ndi chigawo cha Bangula mpaka Sandama, afunsenso kuti sitima za mafuta zafika kangati ku Kanengo pamwezi.

Mpatawo ukadalipo, mafuta ofika pa sitima ku Nsanje azitsitsidwa nkupakiridwa m'mathankala, omwe azikwera nawo zitunda za Chikwawa pamsewu wa M1 kupita ku Blantyre, ndipo anthu a ku Makhanga azioloka Shire pa bwato akafuna kukagula zinthu pa Bangula.